Mphesa zakupsa koma zosafiira: lipoti la munda wa Crimson Seedless umene unandizunguza mutu nyengo ziwiri

Foni ya a mwini munda inabwera mochedwa, mmene zimakhalira nthawi zonse, munthu amakuyitana zinthu zitavuta kale. Anati alangizi tabwerani mudzaone, mphesa zapsa, zikutsekemera bwinobwino koma kufiira ayi, ndipo wogula wanena kuti zotuwa chonchi iye sanyamula. Nditafunsa mtundu wake akuti Crimson Seedless, nde ndinangopumira m'mwamba, amene anagwirapo mtundu umenewu akudziwa khalidwe lake. Unatulutsidwa ndi a USDA, nthambi ya zaulimi ya boma la America, ku Fresno, California mu 1989, ulibe njere, umakhala wolimba ukauluma, umasungika nthawi yayitali, koma pa nkhani ya kala ndi wamakani zedi makamaka kumalo otentha. Ndalemba lipotili kuti anzanga a ntchitoyi aone mmene tinayendera, kuphatikizapo pamene ineyo ndinalakwitsa, paja palipo.

Zomwe ndinapeza m'munda

Mpesa unali pa mawaya okwezeka aja opanga denga, munthu umayenda kunsi mapava akulendewera pamutu. Ndikalowa m'munda wotere ndimayamba ndayang'ana pansi kaye ndisanakweze maso. Masana dzuwa lili paliwombo dothi limayenera kuoneka mawangamawanga, apa kuwala apa mthunzi. Umu munalibe olo banga limodzi la dzuwa, sindinena kuti mdima wa ndiweyani koma zimaoneka ngati madzulo. Masamba akuluakulu obiriwira mpaka kuda, nsonga za mphukira zikukulabe, tinthambi tam'mbali tatuluka paliponse, chonsecho nthawi imeneyo mpesa umayenera kukhala utasiya kukula n'kumatumiza chakudya ku zipatso. Masamba a mkati amene anakwiriridwa ndi anzawo anali atachita chikasu n'kumayoyoka okha.

Kenako mapava. Ochuluka, timphesa tikuluikulu tosiririka, koma kufiira kwake kunali ndi dongosolo lake ndipo dongosolo limenelo ndi limene linandiuza zambiri. Mzere wa m'mphepete mwa munda, umene umalandira kuwala kuchokera m'mbali, unali wofiira ndithu. Ukalowa mizere itatu inayi kufiira kumazimiririka, pakati penipeni kunali mbuu, kapinki kosakanikirana ndi kubiriwira. Phava limodzi lomwelo ukalitembenuza, mbali yoyang'ana kunja yachitako pinki, kumbuyo kwake biriwiri, ndipo timphesa tambiri tinali ndi mkombero wobiriwira pamene kaphesi kamalumikizana ndi chipatso. Ndinafinyira madzi ake pa refractometer, kachipangizo koyezera shuga, shuga anali atafika pokolola, kunja ndi pakati pomwe kusiyana kwake kunali kochepa. Apa zinaonekeratu kuti kupsa kwa mkati kwayenda, chimene chatsalira ndi khungu.

Kumunsi kwa munda ndinaona mitengo ingapo masamba ake akupindikira pansi m'mphepete, ofiirira pakati pa mitsempha pamene mitsempha yeniyeniyo ili yobiriwira. Ndinalemba m'kope mwanga n'kupitirira, mutu wonse unali pa mthunzi.

Buku la akapitawo

Akapitawo a pamundapo ndi munthu wosamala, chilichonse amalemba, nde tinakhala pansi n'kuwerenga limodzi. Feteleza wa nayitrojeni anathira katatu, komaliza timphesa titakula kale. Gibberellin, homoni yokulitsa mbewu, anapopera pa maluwa kuti phava lisathithikane, zimenezo zili bwino ngakhale Crimson amangofuna kadontho, koma anabwerezanso pofuna kukulitsa timphesa, n'kuwonjezerapo CPPU, mankhwala aja amagwira ntchito ngati cytokinin, homoni inanso yokulitsa mbewu. Khungwa la tsinde analidula mphete zipatso zitangogwira, naponso kufuna saizi. Mapava sanapatulire. A mwini munda anati bwanji titaye chipatso choti chabereka kale, ndipo mawu amenewa ndawamva kwa alimi osawerengeka.

Ataona kuti kufiira kukuchedwa anapopera ethephon, mankhwala othandiza zipatso kufiira, kawiri, osasintha kanthu. Apa ndinafunsa mafunso ang'onoang'ono aja anthu amaona ngati ukuwanyoza: madzi munatunga kuti, munasungunula nthawi yanji, munapopera nthawi yanji. Akuti madzi a m'chitsime cha pamunda pomwepo, anasungunula m'mawa koma sipuleya inavuta nde thanki inakhala padzuwa mpaka masana. Ndinaviika kapepala koyezera pH (muyezo wa asidi, nambala ikatsika ndiye kuti asidi ndi wambiri) m'madzi a m'chitsimemo, inali kupitirira 8. Ethephon payekha si homoni, ndi mankhwala amene akalowa m'minofu ya mbewu amasweka n'kutulutsa ethylene, mpweya umene umalimbikitsa zipatso kupsa, ndipo kusweka kwake kumadalira pH, pansi pa 4 amakhala phee, ikakwera amayamba kusweka, madziwo akakhala otentha ndiye msangamsanga. Mankhwalawo ndi asidi inde, koma madzi a laimu wambiri amawagonjetsa ukasungunula pang'ono. Nde mwina gawo lalikulu la ethylene linathera mumpweya pamwamba pa thanki. Komanso anapopera mochedwa, komanso ambiri anagwera pamasamba sinanga denga lake linali lokhuthala chonchija.

A mwini munda anangoti ndiye tigule ena amphamvu. Ndinawauza kuti bambo, mankhwalawa si penti, olo mutapopera kakhumi, ngati chipatsocho chilibe zopangira utoto wake chokha palibe chingachitike.

Utotowo umachokera kuti

Kufiira kwa mphesa ndi utoto wotchedwa anthocyanin, ndipo pa mitundu yambiri amapezeka m'khungu mokha, m'maselo ochepa a pamwamba. Senda kamphesa kofiira uone mkati, ndi moyera. Pa Crimson mtundu wa anthocyanin wochuluka ndi peonidin, amene amapereka kufiira kowala osati kwakuda ngati kwa mphesa za vinyo, ndipo ngakhale zinthu zitayenda bwino mtunduwu sumapanga utoto wambiri, n'chifukwa chake kuchepa pang'ono kumaonekera nthawi yomweyo. Selo imapanga anthocyanin kuchokera ku chinthu chotchedwa phenylalanine kudutsa masitepe angapo, sitepe iliyonse ndi enzyme yake, puloteni yogwira ntchito ya sitepeyo, ndipo chakumapeto kuli UFGT amene amamata shuga pa utotowo kuti ukhazikike usasweke. Popanda UFGT palibe kufiira. Amene amayatsa UFGT ndi jini yotchedwa MYBA1 (ndikanena majini a mwini munda amaseka, amaganiza za mizimu). Ofufuza a ku Japan, a Kobayashi ndi anzawo, anaonetsa mu 2004 kuti m'mphesa zoyera muli kachidutswa ka DNA kotchedwa Gret1 kamene kanadzilowetsa kutsogolo kwa MYBA1 n'kuitseka. Ndiye kuti mphesa yoyera ili ndi makina onse opangira utoto, switchi yokha ndi imene inafa.

Pa Crimson switchi ndi yamoyo koma ndi yolimba kudina. Ntchito yonse ya mlangizi pa vuto ngati ili ndi kufufuza kuti ndani akuidina ndipo ndani wagwira dzanja.

Nthawi yake imadziwika, ndi pamene timphesa timayamba kufewa, shuga kulowa mwamphamvu, asidi kutsika, chlorophyll, utoto wobiriwira uja, kusweka. A ku France amati véraison, antchito a m'munda amangoti zayamba kufewa. Mphesa sizili m'gulu la tomato, nthochi ndi maapulo, zipatso zimene zikayamba kupsa zimatulutsa ethylene wambiri n'kumapitiriza kupsa olo utazithyola. Za ethylene zinadziwika kalekale, Neljubow anaona mu 1901 kuti gasi wa nyale akupinda timbewu ta nsawawa mu labotale yake ku St Petersburg, kenako Gane mu 1934 anatsimikiza kuti maapulo amatulutsa okha mpweya umenewu, nde alimi ambiri anazolowera kuti kupsa kulikonse ndi ethylene basi. Mphesa zimatulutsako pang'ono kutatsala masiku ochepa kuti zifewe, n'chifukwa chake ethephon amathandizako akapoperedwa nthawi yake, koma mwini nkhani pa mphesa ndi homoni ina yotchedwa abscisic acid, mwachidule ABA. Iyeyu amakwera kwambiri m'khungu pa nthawi yofewayo, ndipo akakumana ndi shuga MYBA1 imadzuka.

Ogwira dzanja ndi mahomoni a ubwana, ndimawatcha choncho chifukwa uthenga wawo ku chipatso ndi woti udakali mwana, kula kaye. Auxin ndi woyamba, amakhala wambiri chipatso chili chaching'ono ndipo amayenera kutsika kuti kupsa kuyambe. Pa sitiroberi zimaoneka ndi maso, timbewu takunja tija ndi timene timatulutsa auxin, ukatichotsa mbali imodzi chipatso chisanapse mbali imeneyo imafiira msanga kusiya inzake. Cytokinin ndi gibberellin nawo amasunga kubiriwira, olima malalanje amachita kupopera gibberellin dala akafuna kuti khungu lichedwe kusintha. Tsono taonani buku la akapitawo lija: gibberellin kawiri, CPPU pamwamba, nayitrojeni mochedwa amene amalimbikitsa mizu kutumiza cytokinin ndi mphukira kumakulabe. Kenako pomaliza kabotolo ka ethephon kuti kagonjetse onsewa. Zinali ngati kuponda buleki ndi mafuta nthawi imodzi n'kumadabwa kuti galimoto ikungolira.

Za katundu ndinene mwachidule. Kliewer ndi Dokoozlian analemba mu 2005 kuti kilogalamu imodzi ya mphesa imafuna masamba okwana masikweya mita 0.8 mpaka 1.2 kuti ipse bwino ndi kala yomwe. Masamba m'mundamu analipo ambiri kuposa pamenepo, koma tsamba la mumdima siligwira ntchito, limangodya nawo. Shuga anafika mochedwa komanso mokakamiza, pa nthawi yofewa ija pamene amafunika kuti adine switchi anali akugawanidwa ndi mapava ochuluka ndi nsonga za mphukira.

Kuwala

Khungu la chipatso limaona. Lili ndi mapuloteni omva kuwala: phytochrome amene amamva kuwala kofiira ndi kofiira kwakutali (kumene kuli kumapeto kwa zimene diso limaona), cryptochrome wa kuwala kwa buluu, ndi UVR8 wa UV-B. Mumdima muli puloteni ina, COP1, imene ntchito yake ndi kugwira puloteni inzake yotchedwa HY5 n'kumupereka kuti aphwanyidwe. Kuwala kukafika COP1 amaletsedwa, HY5 amachuluka, n'kupita kukalimbikitsa majini a MYB ndi ena a m'njira ya utoto. Pa maapulo COP1 amaphwanyanso MYB1, switchi ya utoto mwiniwakeyo, n'chifukwa chake apulo wofiira amamvera kuwala moti alimi a ku Japan amaveka zipatso timatumba ta pepala, n'kudzavula kukolola kutayandikira, ena n'kumatapo kasitika kuti chilembo chitsale choyera pakati pa kufiira.

Tsamba limodzi la mpesa limameza pafupifupi 90 peresenti ya kuwala kumene mbewu zimagwiritsa ntchito, tsono muike masamba atatu anayi pamwamba pa phava muone chotsala. Chimene chimadutsa kwambiri ndi kofiira kwakutali kuja, pabwalo kofiira ndi kofiira kwakutali zimakhala pafupifupi zofanana, 1.1 kapena 1.2, koma mkati mwa denga lokhuthala zimatha kugwa mpaka 0.1, ndipo kwa phytochrome zimenezo zikutanthauza kuti uli pamthunzi. Anthocyanin ntchito yake ina ndi kutchinga khungu ku dzuwa lowawa, nde chipatso chimene sichikuona dzuwa chimachita ulesi kumupanga.

Mitundu imasiyana apa, tisamangotengera. Ku Australia a Downey ndi anzawo anatsekera mapava a Shiraz m'timabokosi tosalowa kuwala koma todutsa mpweya, zotsatira zinatuluka mu 2004, anthocyanin sanasinthe kwenikweni, chimene chinagwa kwambiri ndi ma flavonol, zinthu zina za m'khungu zotchinga dzuwa lowawa. Mitundu yakuda bii yambiri imada ndithu olo mumthunzi. Yofiira mowala ngati Crimson ndi kholo lake Emperor ndi imene imanyanyala kuwala kukasowa.

Pamene ndinalakwitsa

Nyengo yoyambayo tinali tikungopulumutsa zotsala. Ndinawauza kuti madzi achepetseko pang'ono, mapava a mbuu kwambiri amene analibe chiyembekezo achotsedwe, nsonga za mphukira zidulidwe, ndipo masamba athotholedwe kuti kuwala kulowe. Apa ndi pamene panapindika nchira wa nyani. Ndinanena kuti tsegulani, sindinanene kuti mbali iti komanso mochuluka bwanji, n'kunyamuka. Anyamata anagwira ntchito ndi mtima wonse, anatsegula mpata waukulu pakati pa mizere n'kupululanso masamba mbali zonse ziwiri, kum'mawa ndi kumadzulo komwe, sabata yake n'kukhala yotentha koopsa.

Nditabwerera patapita masiku angapo, mbali ya kum'mawa inali itayamba kuchita pinki, mtima unakhala pansi pang'ono. Kuzungulira kumadzulo ndinagwira pakamwa. Mapava a pamwamba amene anakulira mumdima moyo wawo wonse kenako n'kuwayanika pa dzuwa la masana anali atawauka, mabanga abulawuni, timphesa tina takwinyika. Amene sanawauke sanafiirenso, anangochita kamtundu kena konyansa, chikasu si chikasu pinki si pinki. Akapitawo sananene zambiri, anangoti alangizi, paja munati kuwala. Ndinalibe poyankha.

Zoti kuwala ndi kutentha zimabwera limodzi ndinkazidziwa kuchokera m'mabuku, kungoti tsiku limenelo sindinaziganizire. Kamphesa kamene kali padzuwa popanda mphepo kamatha kutentha madigiri 10 kapena kuposa pamwamba pa mpweya wozungulira, tsono masana mpweya ukakhala kale m'ma 30 khungulo lili m'ma 40. A Mori ndi anzawo ku Japan anaonetsa mu 2007 pa Cabernet Sauvignon kuti mpesa wosungidwa pa madigiri 35 masana unali ndi anthocyanin wosafika theka poyerekeza ndi wa pa 25, ndipo chosangalatsa n'chakuti majini opanga utoto sanazime kwenikweni, utoto umene unapangidwa kale ndi umene umasweka. Ku Washington a Spayd ndi anzawo mu 2002 anachita kusiyanitsa ziwirizi pa Merlot, mapava a padzuwa n'kumawaziziritsa ndi mpweya, a pamthunzi n'kumawatenthetsa. A padzuwa oziziritsidwa utoto unakwera, a pamthunzi otenthetsedwa unatsika, ndipo mbali ya kumadzulo ndi imene inali yotentha kwambiri. Dzuwa la m'mawa limapeza chipatso chili chozizira ndi usiku, la masana limachipeza chatentha kale n'kuwonjezera. Kuwala kwake n'kofanana, chipatso chimene kukugwerapo ndi chimene chasiyana.

Usiku nawo unali wofunda nyengo yonseyo, ndipo usiku wofunda ndi mdani wakale wa kufiira pa mphesa ndi maapulo omwe, ngakhale malalanje kumalo kosazizira usiku amapsa ali obiriwira. Izi ndiye palibe mlangizi angazisinthe. Tinakolola mobwerezabwereza kusankha ofiira, gawo lalikulu linapita ngati giredi yotsika, ndipo a mwini munda sanasangalale nane, zomveka.

Nyengo yachiwiri

Anandiyitananso, kaya chifukwa chondikhulupirira kaya kusowa wina, koma ulendo uno ndinayamba nawo pa nthawi yotengulira. Nayitrojeni tinamudula kwambiri titayezetsa mapesi a masamba pa nthawi ya maluwa, ndipo zipatso zitagwira sitinathirenso. Gibberellin kadontho ka pa maluwa kokha, wokulitsa ayi, CPPU ayi. Apa panali mkangano weniweni chifukwa timphesa tichepako ndithu, ndinawauza poyera, ndipo ndinawafunsa kuti wogula wanu chaka chatha anakana saizi kapena kala. Mphete ya pa khungwa tinaisamutsa, m'malo mwa pogwira zipatso tinadula poyamba kufewa. Khungwa ndi njira imene shuga amatsikira ku mizu, ukadula mphete yopyapyala amaunjikana kumtunda kwa masabata angapo bala lisanapole, ukadula molawirira amapita ku saizi, ukadula pofewa amapita ku shuga ndi utoto. Mapava tinapatulira tidakali kutali, ndipo mapava aataliatali tinadula nsonga.

Masamba ndiye ndinayimirira ndekha. Tinayamba molawirira zipatso zitangogwira, kuchotsa mphukira zosabereka ndi tinthambi tam'mbali, ndi masamba ochepa ozungulira phava mbali ya kum'mawa yokha, kuti khungu lizolowere dzuwa lidakali laling'ono, paja likamakula likuona kuwala limadzipangira ma flavonol otchinga UV. Kumadzulo tinasiya chophimba. Kufewa kutayamba tinatsegula kampata kakang'ono pakati pa mizere, kongokwanira kuti pansi paoneke mawangamawanga aja, ndipo m'mizere ingapo ya pakati tinayala nsalu yoyera yobweza kuwala kuti kumenye mapava kuchokera pansi. Kuwala kotere, kobalalika, ndi kumene ndimakukonda pa Crimson, kumafika kumbuyo kwa phava koma sikuwotcha. Madzi tinachepetsa pang'ono kuyambira pofewa, mizu ikamva kuti dothi likuuma ABA amakwera mumtengo ndipo mphukira zimaima, koma pang'ono ndithu, ukapyola muyezo masamba amatseka timabowo tawo shuga n'kuima, mapava n'kufewa.

Kuti a mwini munda aone ndi maso awo, ndinasankha mapava ofanana pa mzere umodzi kufewa kusanayambe n'kuwagawa panayi. Ena ndinawasiya pabwalo, ena ndinawaveka timatumba tosalowa kuwala tobowola kunsi, ndipo theka la gulu lililonse ndinaliviika mu S-ABA, amene ndi ABA wogula wa m'botolo, timphesa tambiri titafewa. Si kafukufuku woti n'kumusindikiza, kathumba kamasinthanso kutentha ndi chinyezi, mapavawo analinso ochepa, koma zimene zinatuluka zinali zoonekeratu. A m'thumba opanda ABA anatsala mbuu ngati chaka chatha. A m'thumba oviikidwa anachita pinki wooneka koma wosakhwima. A pabwalo opanda ABA anafiira bwino, mwapang'onopang'ono, ndi kamkombero kobiriwira apo ndi apo. A pabwalo oviikidwa anafiira psuu, msanga, phava lonse mofanana. Akapitawo anawayala onse pa thebulo limodzi n'kuyitana anyamata kuti adzaone. Homoni inakankha ndithu olo mumdima, izi ndivomereze, koma inakafika patali pokhapokha pamene kuwala kunalipo.

Pafupifupi munda wonse tinapopera S-ABA kamodzi. Ochita kafukufuku ku California, a Peppi, Fidelibus ndi Dokoozlian, anayesa mankhwalawa pa Flame Seedless ndi Crimson m'zaka za m'ma 2000 ndi milingo ya mamiligalamu mahandiredi ochepa pa lita, koma muyezo woti mutsatire ndi wa pa lebulo ya botolo limene mwagula komanso malamulo a kumene zipatsozo zikupita. Zofunika kudziwa ndi ziwiri. ABA sayenda kuchoka pa tsamba kupita ku phava, ngakhale kuchoka kamphesa aka kupita kanzake, pamene wagwera pokhapo ndi pamene pamafiira, nde tinaloza ma nozo ku mapava kuchokera mbali zonse ziwiri mpaka anyowe. Chachiwiri dzuwa limamusintha kukhala mtundu wosagwira ntchito, nde tinapopera chakumadzulo dzuwa litapendeka, titangosungunula. Mizere ingapo tinaisiyira ethephon kuti tiyerekeze, ulendo uno madzi titawatsitsa pH kaye, nthawi yake ili yoyenera, ndipo anagwira ntchito, kungoti timphesa tinafewerapo poyerekeza ndi tinzake, komanso ndi ethephon umayenera kuwerenga bwino masiku ofika pokolola chifukwa cha zotsalira m'chipatso.

Chenjezo limene ndinapereka kwa okolola n'lakuti ABA amafiiritsa khungu mofulumira kuposa mmene mkati mukupsera, nde phava likhoza kuoneka lokonzeka lili lowawasa. Chaka chatha maso amatinamiza kuti zosapsa pamene zapsa, chaka chino akanatinamiza mbali inayo. Palibe amene analoledwa kudula osayeza shuga.

Zotsatira

Mapava ambiri anafika kala imene wogula amafuna, ndipo tinamaliza kukolola m'maulendo ochepa kuposa chaka chatha. Timphesa tinachepako saizi monga ndinanenera, a mwini munda anadandaula kamodzi kenako anasiya. Kuwauka kunalipo pa mapava ochepa a kumapeto kwa mizere mbali ya kumadzulo, kumeneko chaka chamawa tiyika neti ya mthunzi. Mizere ya nsalu yoyera inafiira mofanana kumbuyo ndi kutsogolo kuposa ina yonse, ndipo ngati pali chinthu chimodzi chimene ndingawauze kuti awonjezere ndi chimenecho, osati botolo lina. Sabata imodzi kunatentha kwambiri usiku ndi usana ndipo kufiira kunaima munda wonse, ABA kapena ayi, kunadzapitiriza kutazizirako.

Kumunsi kuja ndiye sikunamve chilichonse. Kuwala kofanana, ABA yemweyo, mphete yomweyo, katundu wopepuka, koma mapava mbuu, shuga wotsalira, masamba opindikira pansi ofiira pakati pa mitsempha, ndipo mitengo yake inali itachuluka kuposa imene ndinalemba m'kope chaka chatha, motsatana mumzere. Nditasenda khungwa louma la pa tsinde ndinapeza kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa tija, nyerere zili pikitipikiti kutizungulira. Tinatumiza zidutswa za nthambi ku labotale ndipo yankho linabwera loti ndi vayirasi ya leafroll, nambala 3, imene kodikodi amafalitsa. Imeneyi imawononga njira ya shuga mkati mwa khungwa, shuga amatsakamira m'masamba, n'chifukwa chake masamba ndi amene amafiira m'malo mwa zipatso, ndipo ilibe mankhwala. Mitengo yodwalayo taimanga tinsalu tofiira, ikazulidwa ndi mizu yomwe tikamaliza kukolola, yoyandikana nayo iyezedwanso, ndipo akapitawo ayamba kale kulimbana ndi nyerere chifukwa ndi zimene zimateteza kodikodi kwa adani ake. Mbande zolowa m'malo ndawauza kuti agule zoyezedwa kuti zilibe vayirasi, asadule nthambi m'munda momwemo ngati mmene amafunira.